Wogulitsa gemu: achotsedwe mpaka kalekale, kapena adzabwerere m'bwalo?

Mu 2015, tsiku lomaliza la mpikisano wosankha timu ya kumpoto yoti ikwere mu ligi yaikulu ya dziko lino, Moçambola, Ferroviário de Lichinga inawina 17–0. Tsiku lomwelo Ferroviário de Pemba, imene inkalimbirana nayo malowo, inawina 11–0. Ogonja onse awiri anali matimu a ku Monapo. Aliyense amene anathamangitsapo chikopa akudziwa kuti zigoli 17 m'mphindi 90 ndiye kuti chigoli chikulowa pafupifupi mphindi zisanu zilizonse, kuphatikizapo nthawi yokatola mpira mu ukonde n'kukauika pakati. Bungwe la mpira la dziko lino, FMF, silinakhutire nazo, ndipo timu imene inadzasewera Moçambola ya 2016 inali ina, Desportivo de Niassa.

Kuno ku Mecanhelas nkhaniyo tinangoiseka, poti chimene chinkalimbiranidwa chinali malo mu ligi, ndipo ligiyo ili kutali nafe. Koma chiyambire nthawi imeneyo kwabwera foni. Lero mnyamata wa kabaza ku Insaca, kapena wogulitsa matemba ku Entre-Lagos, amabetcha ali chikhalire pamene akudikira kasitomala, ndalama n'kudutsa pa M-Pesa kapena e-Mola. Loweruka madzulo m'nyumba zoonetsera mpira, ena maso ali pa kanema, ena ali pa foni, ndipo mumamva munthu akudandaula chigoli cha timu yake yomwe chifukwa chamuphera tikiti. Magemu a Moçambola ndi a ligi ya ku Malawi, imene timaitsatira pa mawailesi a tsidya lina la malire, nawonso amabetcheredwa. Pamene pali kubetcha, tsiku lina padzafika munthu wofuna kudziwiratu zotsatira, ndipo njira yodziwiratu ndi imodzi yokha: kugula wosewera. Tsono wosewera wogulidwayo akagwidwa, tizimutani?

Anzathu a ku Zambia funsoli linawagwera kale. Kumpoto kwenikweni kwa dziko la Finland kuli tauni ya Rovaniemi, kumene nyengo yozizira dzuwa limangosuzumira maola ochepa n'kulowanso. Timu ya kumeneko, RoPS, kwa zaka zambiri inkadalira osewera ochokera ku Zambia. Mu February 2011 apolisi anagwira Wilson Raj Perumal wa ku Singapore akuyenda ndi pasipoti yachinyengo, ndipo atamukhazika pansi zinthu zinayamba kuululika motsatizana. Ntchito ya mkuluyu inali yogula magemu m'malo mwa akatswiri a juga a ku Asia. Ndi yemweyo anatumiza timu yabodza ya Togo kukasewera ndi Bahrain mu 2010, ndipo dzina lake lili pakati pa nkhani yogulitsa magemu ya ku Zimbabwe yotchedwa Asiagate. Mu July 2011 khothi linamupeza wolakwa popereka ziphuphu, n'kumugamula zaka ziwiri m'ndende. Osewera a RoPS asanu ndi anayi, asanu ndi awiri a ku Zambia ndi awiri a ku Georgia, analandira zilango zongoimikidwa za miyezi 6 mpaka 20. Aliyense anali atalandira mayuro oposa 10,000. A ku Zambiawo analetsedwanso mpira zaka ziwiri, ndipo FIFA inalamula kuti chiletsocho chigwire ntchito padziko lonse.

Wogula gemu sikuti nthawi zonse amafuna mugonje. Mwina akufuna zigoli zipitirire zitatu, mwina akufuna chimodzi chilowe hafu yoyamba isanathe. N'chifukwa chake amakonda goloboyi ndi otchinga kumbuyo, anthu amene kuchedwa kwawo kwa sekondi imodzi kumaoneka ngati tsoka wamba. Amakondanso maligi aang'ono, kumene makamera ndi ochepa, atolankhani ndi ochepa, ndipo malipiro ndi ochepa. Mukawerenga zizindikiro zitatuzi mukuona nokha kuti akunena ife.

Mmodzi mwa a ku Zambia aja, Nchimunya Mweetwa, amene ankasewera kutsogolo, atabwerera kwawo sanabisale. Anayamba kuyankhula poyera za zimene anachita ndi kuchenjeza osewera achinyamata. Ena akamuona amati umu ndi mmene ziyenera kukhalira. Ena amati zaka ziwiri pa mlandu wotere n'kunyoza mpira.

Ndiyambe ndi oumirira chilango cha moyo wonse, chifukwa mfundo zawo n'zolemera kuposa mmene achinyamata amaganizira. Iwo amati kugulitsa gemu sikufanana ndi milandu ina ya m'bwalo. Wothyola mnzake mwendo, wotukwana woyimbira, ngakhale wokwirira mankhwala pagolo usiku, onsewa alakwa chifukwa chofunitsitsa kuwina. Wogulitsa yekha ndiye walowa m'bwalo akufuna kugonja. Anthu ayenda mtunda wautali, ena panjinga ena wapansi, kudzaona chinthu chimene palibe akudziwa mathero ake, pamene iye matherowo ali nawo kale m'thumba la kabudula.

Ndipo kuwonongako sikuthera pa gemu imodzi. Pa bonanza ina ya kufupi ndi nyanja ya Chiuta, pabwalo lamchenga lokhala ndi zithukuluzi, mpira wosavuta unadumpha n'kudutsa goloboyi pakati pa miyendo. Kale anthu akanaseka, wina n'kumutcha dzina loti limukakamire chaka chonse, basi. Tsikulo kunamveka mawu amodzi kuchokera kuseri kwa golo: “Wadya ameneyo!” Mnyamatayo anavula magolovesi ake ong'ambika n'kukhala pansi, ndipo mawa lake mayi ake anakazimva kumsika. Palibe anaonetsa umboni, ndipo palibe anaufunsa. Oumirira chilango chokhwima amati uku ndiko kuipa kwa wogulitsa: amaba ufulu wa anzake wolakwitsa moona mtima. Ife a kunyanja timadziwa kuti nsomba ikawola imodzi mudengu, wogula amanunkhiza zonse.

Mnyamata wina atayesa kunena kuti, “Koma madala, munthu walakwa kamodzi, nanga umphawi uli apawu atani?”, aphunzitsi ena opuma amene anayimbira mpira wa masukulu zaka zambiri anamuyankha mosakweza mawu: “Mwana wanga, anzake khumi aja anali olemera?” Yankho limeneli n'lovuta kulizemba. Njala ya timu imakhala imodzi. Ngati umphawi ukhululukitsa wogulitsa, ndiye kuti okana aja tikuwauza kuti anali opusa. Palinso china: wolandira kamodzi sakhalanso mwini wake wa miyendo yake. Wogula uja amabweranso, ndipo ulendo wachiwiri sapempha, amangokumbutsa kuti akhoza kuulula. Choncho mantha a chilango ayenera kukula kuposa envelopu, kuti mnyamata akane tsiku loyamba lomwelo.

Oumirira chilango cha moyo wonse umboni wawo waukulu amautenga ku America, ku masewero a baseball, amene wina amaponya kampira kolimba, wina n'kukamenya ndi chibonga kenako n'kuthamanga kuzungulira bwalo. Kumeneko juga inali italowerera kalekale, ndipo akuluakulu ankangoyang'ana kumbali. Wosewera wina waluso, Hal Chase, anaimitsidwa ndi timu yake mu 1918 pomuganizira zogulitsa magemu, koma kumayambiriro kwa 1919 mkulu wa ligi anamumasula. Chaka chomwecho, mu October, osewera a Chicago White Sox anagulitsa mpikisano waukulu kuposa yonse, World Series, ndipo Cincinnati Reds inawina magemu 5 kwa 3. Woponya Eddie Cicotte anapeza madola 10,000 pansi pa pilo m'chipinda chake cha ku hotela, ndipo gemu yoyamba itangoyamba anagenda dala womenya woyamba wa Cincinnati, Morrie Rath, ngati chizindikiro kwa a juga kuti pangano lilipo. Mlandu unafika kukhothi, ndipo pa 2 August 1921 oweruza anawamasula. Mawa lake Kenesaw Mountain Landis, jaji amene eni matimu anamuika kuti alamulire masewerowo, analetsa osewera asanu ndi atatu moyo wawo wonse. Anati kaya khothi linena chiyani, wogulitsa gemu, wolonjeza kugulitsa, ngakhale wongokhala nawo pa zokambiranazo osakanena, sadzaseweranso. Chiyambire pamenepo World Series sinagwidwenso ndi mlandu wotere. Kulekerera kunabala 1919, amatero a mbali iyi, ndipo nkhwangwa ya Landis inatseka khomo.

Koma a mbali inayo nawo amalowera pa nkhani yomweyi, kudzera mwa munthu mmodzi: Joe Jackson. Anabadwa mu 1887 ku South Carolina, m'banja losauka, ndipo anayamba ntchito m'fakitale yoomba nsalu ali kamwana, moti sukulu sanaione. Mpaka kukula sankatha kuwerenga, ndipo makalata ambiri ankamusainira mkazi wake Katie. Dzina loti “Shoeless” analitenga tsiku lina atasewera ndi masokosi okha chifukwa nsapato zatsopano zinamutulutsa matuza. Pomenya mpira anali mmodzi mwa akatswiri oposa onse amene masewerowo anaonapo: pa maulendo 1,000 alionse ankamenya bwino 356, ndipo mu 1911 anafika pa 408. Mu World Series yogulitsidwayo anamenya bwino maulendo 12, kuposa wina aliyense wa matimu onse awiri, ndipo sanalembedwe cholakwa chilichonse pogwira mpira. Mu September 1920 anavomera kuti analonjezedwa madola 20,000 koma analandira 5,000, amene mnzake Lefty Williams anamubweretsera mu envelopu. Mpaka imfa yake mu 1951, akugulitsa mowa m'sitolo yake ku Greenville, ankanenabe kuti iye ankasewera kuti awine.

Tsono taonani anthu atatu awa. Chick Gandil ndiye anakumana ndi a juga n'kusonkhanitsa anzake. Jackson analandira ndalama koma ziwerengero zake zikuoneka za munthu wolimbikira. Buck Weaver anakhala nawo pa zokambirana, sanalandire kalikonse, anasewera bwino, koma sanakanene. Onse atatu chilango chimodzi. A mbali iyi amati chilango chosasiyanitsa woyambitsa, wotsatira ndi wongomva si chilungamo, ndi kusesa pabwalo kuti alendo aone paukhondo. Nanga Arnold Rothstein, mkulu wa juga wa ku New York amene ambiri amamutchula kuti ndiye anatulutsa ndalamazo? Sanaimbidwe mlandu umenewu.

Zimenezi zinabwerezeka ku Finland. Perumal sanakhalitse m'ndende. Anamutumiza ku Hungary kukathandiza ofufuza, ndipo mu 2014 anatulutsa buku la mbiri yake, Kelong Kings. Komanso sanalowere pakhomo la osewera lokha. Timu ya Tampere United, imene inatengapo ligi ya Finland katatu, inachotsedwa mu ligi mu 2011 chifukwa cholandira mayuro 300,000 kuchokera ku kampani ya ku Singapore yolumikizana naye. Ndalama zimenezo sanalandire goloboyi. Zinalowa kudzera mu ofesi.

Pafupi nafe, ku Malawi, mu 2017 bungwe la oyimbira linaletsa anthu ake anayi moyo wawo wonse pa gemu ya chikho cha Carlsberg ya pakati pa Nchalo United ndi Chitipa United. Ndalama zimene zinatchulidwa zinali pafupifupi madola 20, anthu anayi. Gemu inathera 1–1, Chitipa n'kuwina pa mapenate, opereka ndalama n'kuyamba kuitanitsa zawo, ndipo zitabwezedwa zosakwana nkhani inatulukira poyera. Munthu ukhoza kuseka mpaka misozi. Koma ikani ziwerengerozi pamodzi: madola asanu pa munthu, moyo wonse, mayuro oposa 10,000 pa munthu, zaka ziwiri. Chilango sichikutsata kukula kwa mlandu. Chikutsata kuchuluka kwa manyazi amene bungwe lagwidwa nawo sabata imeneyo, ndiponso kuchepa mphamvu kwa wolangidwayo.

Ndipo “moyo wonse” wa m'maofesi athu sukhalitsa. Mu October 2012 bungwe la mpira la ku Zimbabwe, ZIFA, linaletsa anthu 15 mpaka kalekale pa nkhani ya Asiagate. FIFA sinavomereze kufalitsa ziletsozo, ndipo mu 2016 utsogoleri watsopano unazichotsa. Sunday Chidzambwa, mmodzi mwa oletsedwawo, amene ankaukana mlanduwo, ndiye anatsogolera timu ya dzikolo ku AFCON ya 2019 ku Egypt. Ngakhale ku America komweko, pa 13 May 2025 mkulu wa ligi Rob Manfred analengeza kuti chiletso chimatha munthu akamwalira, ndipo dzina la Jackson linachotsedwa pa mndandanda, patapita zaka zoposa 70 ali m'manda.

Mfundo yomaliza ya otsutsa chilango cha moyo wonse ndi imene imandigwira kwambiri. Milandu imeneyi siigwidwa ndi maso. Ngakhale mutaonera kanema kakhumi, simungalumbire kuti wotchinga kumbuyo anaterereka dala. Imaululika pamene wina wa m'kati watsegula pakamwa: Cicotte ndi Jackson mu 1920, Perumal mu 2011, okwiya ndi ndalama zosakwana mu 2017. Tsono ngati woulula ndi wobisa onse alandira imfa ya mpira, ndani adzaulule? Ndipo ndani angachenjeze mnyamata wa zaka 17 bwino kuposa munthu ngati Mweetwa, amene akudziwa mmene wogula amayambira, ndi moni, ndi kukuyamikira, ndi kamphatso kopanda chifukwa?

Ine pamenepa sindiima pakati. Koma ndisananene mbali yanga, okonda Jackson asamuyeretse mopitirira. Ndalama analandira, ndipo anazisunga. Ofufuza ena amasonyeza kuti kumenya kwake kwabwino kunachuluka m'magemu amene timu inkasewera moona, ndipo mpira wake wotuluka kunja kwa bwalo anaumenya mu gemu yomaliza timu ili kale kumbuyo 5–0. Nkhani yotchuka yoti mwini timu Charles Comiskey ankawalipira nyenyeswa nayonso yafooka, poti mabuku a malipiro akusonyeza kuti White Sox inali m'gulu la matimu olipira bwino mu ligi yawo. Chimene chinali choona n'chakuti wosewera analibe ufulu wosamukira timu ina mwini wake asanalole. A ku Zambia aja nawo sanali ogona ndi njala. Anali ndi ntchito imene anyamata masauzande kwawo ankailota. Anthu ambiri ogulitsa magemu sagulitsa chifukwa poto ali mbuu, koma chifukwa aona kuti anzawo akudya ndipo palibe chikuwachitikira. Apa aphunzitsi aja akunena zoona.

Komabe chiletso cha moyo wonse kwa aliyense sindikuchivomera. Chisungidwire anthu atatu: wobweretsa ndalama, wosonkhanitsa anzake, ndi wobwereza atalangidwa kale. Mkulu wa timu kapena wa bungwe wopezeka m'zimenezi alowe m'gulu lomweli, asamazembere kuseri kwa osewera. Wosewera wolandira koyamba achoke zaka zowerengeka, zolembedwa kale m'malamulo mlandu usanachitike, osati zopekedwa pa msonkhano wa atolankhani. Zaka zisanu kwa munthu amene mpira wake wonse ndi zaka khumi kapena khumi ndi ziwiri si masewera ayi. Ambiri sadzabwereranso ngati osewera, koma akhoza kudzaphunzitsa ana. Woyamba kuulula achepetseredwe, ndipo aliyense adziwiretu kuti zili choncho, kuti ogwirizana pa chinyengo azigona akukayikirana. Za oyimbira, ndikuvomera kuti mlandu wawo ndi wokulirapo chifukwa iwo ndiwo khothi la m'bwalo. Koma bungwe lotumiza munthu kukayimbira kutali osamupatsa ya thiransipoti, n'kumusiya kuti adyetsedwe ndi kugonekedwa ndi timu ya pakhomo, lisamadabwe kwambiri.

Pali mbali imodzi ya lamulo la Landis imene ilinso m'malamulo a FIFA, ndipo kuno kwathu ndi imene ingavute kuposa zonse: udindo wokanena. Weaver anapempha kangapo kuti amubwezere, mpaka anamwalira mu 1956 asanamveredwe, mlandu wake uli woti sanapereke anzake. Ku Chicago anzakewo anali ongogwira nawo ntchito. Ku Mecanhelas goloboyi ndi mlamu wako, wotchinga kumbuyo ndi mwana wa amalume ako, ndipo amene wabwera ndi ndalamayo ndi yemwe amakukongoza ukonde kapena kukugula mpunga nthawi yokolola. Ukakanena Lamlungu, Lachitatu mukumana pamaliro, ndipo akuluakulu a banja adzakufunsa iwe, osati iye, chifukwa chimene unatulutsira za m'nyumba. Lamulo lolanga wongomva mofanana ndi wogulitsa, likafika kuno lidzangopanga mudzi wonse kukhala wosamva ndi wosaona.

A ku Finland, atapsa ndi nkhani ya Rovaniemi, anaganizira zimenezi. Bungwe la osewera la kumeneko linakonza pulogalamu ya pafoni yotchedwa Red Button, yoti wosewera azitha kunena mwachinsinsi kuti wina wamuyandikira, dzina lake osadziwika, ndipo bungwe la osewera la padziko lonse, FIFPRO, linaitenga n'kuifalitsa. Foni yomwe yabweretsa juga m'thumba mwa mnyamata ikhoza kunyamulanso uthenga wotere. Chovuta ndi wolandira uthengawo. M'mipikisano yathu ya m'maboma, wapampando wa komiti nthawi zambiri amakhalanso mwini wa imodzi mwa matimu, wogula yunifolomu ndi mipira, ndipo nthawi zina ndi amene waika mbuzi kapena ndalama za mphotho. Wolandira madandaulo ayenera kukhala wa kunja kwa boma, ku Cuamba kapena ku Lichinga, wopanda timu mu mpikisanowo, ndipo nambala yake izilembedwa pa fomu imene wosewera aliyense amasaina polembetsa.